Nkhono za m'Nyanja ya Mannar

Sitima yochokera ku Mandapam ikamawoloka mlatho wa Pamban kulowera pachilumba cha Rameswaram, kummwera kwa dziko la India, apaulendo amaona madzi mbali zonse ziwiri. Kudzanja lamanja ndiko kuli Gulf of Mannar, chigawo cha nyanja yamchere chosazama kwambiri chimene chili pakati pa India ndi Sri Lanka. Kuyambira pamenepa mpaka kudoko la Thoothukudi kwandandalika tizilumba 21 topanda anthu, tozingidwa ndi matanthwe a makorali ndi udzu wa pansi pa madzi. Boma linakhazikitsa malowa kuti akhale otetezedwa m'chaka cha 1986.

Anthu a m'mphepete mwa gombeli akhala akudya za nkhono kuyambira makedzana. Amuna amamira pansi pa nyanja kukatola nkhono yaikulu yoyera imene m'Chitamil amati sangu. Chigoba chake chimaombedwa ngati lipenga m'makachisi a Ahindu, china chimapita ku Bengal kukachekedwa zibangili za amayi apabanja, pamene asing'anga a kumeneko amachitentha nkusandutsa phulusa lake mankhwala. Palinso nkhono yaminga yotchedwa Chicoreus ramosus. Mnofu wake ndi ndiwo, ndipo kachitseko kolimba kamene imadzitsekera nako m'chigoba kamagulidwa ndi opanga zofukiza.

Pa zaka zapitazi pagombe pafika ogula a mtundu wina. Awa ndi ophunzira ndi akatswiri a zamoyo za m'nyanja ochokera m'masukulu a ukachenjede a chigawo cha Tamil Nadu, monga Annamalai University imene ili ndi malo ake a kafukufuku ku Parangipettai. Iwowa alibe nazo ntchito zigoba. Akufuna kudziwa chimene chimateteza kanyama kofewa chonchi kuti kasawole kali moyo, popeza m'madzi ndi m'matope mmene kamakwawa muli mabakiteriya osawerengeka. Nkhono zambiri zimaikira mazira pathanthwe nkuchokapo, komabe mazirawo amaswa bwinobwino. Ku Australia, katswiri wina, Kirsten Benkendorff, anasonyeza m'chaka cha 2000 kuti m'mazira a nkhono ya Dicathais orbita muli mankhwala oletsa mabakiteriya kuswana.

Kayesedwe kake nkosavuta kumva. Amachotsa mnofu m'chigoba, kuupera, ndi kuunyika mu methanol kapena madzi ena osungunula, kenaka nkusefa. Zotsalazo amazidonthezera pa timapepala tating'ono tobulungira, timene amatiika m'mbale yagalasi mmene afesamo tizilombo toyambitsa matenda a anthu: Vibrio cholerae wa kolera, Salmonella typhi wa tayifodi, Staphylococcus aureus wa zithupsa ndi zilonda zamafinya. Mbaleyo imagona usiku umodzi pamalo ofunda. Kukacha, ngati muli mphamvu m'zimene anasefazo, kuzungulira kapepalako kumaoneka bwalo loyera mbee pamene tizilombo talephera kumera, ndipo amaliyeza m'mamilimita. Nkhono zingapo za m'nyanjayi zaonetsapo bwalo lotere. Kawirikawiri limachepera bwalo la mankhwala a kuchipatala amene amayerekezera nawo, ndipo nkhono imodzimodziyo ikhoza kupereka zotsatira zosiyana malinga ndi madzi amene anasungunulira.

Chimene chikuwathamangitsa akatswiriwa chimadziwika bwino kwa mlangizi wa zaumoyo aliyense wa kumudzi. Mankhwala amene kale ankachiritsa chibayo kapena chilonda m'masiku ochepa ayamba kugonja. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfazi zinachuluka kwambiri mu Africa ya kummwera kwa chipululu cha Sahara. Makapisozi ogula pamsika awiriawiri, mankhwala osiyira panjira wodwala akangopezako bwino, ndi ena othira m'madzi a nkhuku mwachisawawa, zonsezi zimawazoloweretsa mabakiteriya.

Koma bwalo loyera m'mbale si mankhwala. Zinthu zambiri zopha mabakiteriya zimaphanso maselo a munthu, ndipo zina zimatha mphamvu zikangolowa m'magazi. Kuchuluka kwake nakonso ndi vuto. Mu 1909 Paul Friedländer, katswiri wa sayansi ya mankhwala, anaswa nkhono pafupifupi 12,000 za m'nyanja ya Mediterranean nkupeza magalamu 1.4 okha a utoto wofiirira, umene uli pachibale ndi mankhwala a m'mazira a ku Australia aja. Mankhwala otchuka ochokera ku nkhono ya m'nyanja ndi ziconotide, opha ululu woopsa. Anawatulukira m'poizoni wa nkhono ya Conus magus, koma panadutsa zaka zoposa 20 asanavomerezedwe ku America mu 2004, ndipo lero amapangidwa m'fakitale popanda kupha nkhono. Opha mabakiteriya ochokera ku nkhono sanafikebe m'chipatala chilichonse. Ndipo wina asasokoneze nkhonozi ndi zija za m'madambo ndi m'mphepete mwa nyanja ya Malawi: zina mwa izo ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo.

Pamene akatswiri akuyeza mamilimita awo, nyanja ya Mannar ikusintha. Kwa zaka zambiri anthu ankaswa makorali kukawotcha laimu ndi kumangira nyumba, ndipo tizilumba tiwiri mwa 21 tija tinamira kale. Maboti a injini amakoka makoka olemera pansi penipeni, nkukokolola nkhono zazikulu ndi zazing'ono pamodzi ndi mazira ake. Zimene sizigulika zimatayidwa pamchenga. M'misika ya ku Rameswaram, pafupi ndi kachisi wamkulu, zigoba zopukutidwa bwino zimayalidwa m'mizeremizere kudikira alendo, ndipo mnofu umene unali m'katimo, umene akatswiri akuufufuza, amakhala atauchotsa kalekale kuti zigobazo zisanunkhe.