Nchito Yosula Akapitao

Pamene ndinauza amalume anga kuti nchito yanga ndi kuphunzitsa akapitao, anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mphwanga, kodi munthu wandevu aphunzitsidwanso kulamulira anzace?" Tsiku lija ndinasowa cowayankha. Yankho ndinalipeza pambuyo pace, pa msika wa nsawa kufupi ndi Cipata, pa mseu wopita ku Lundazi.

Kampani yina yogula nsawa inandiitana cifukwa ca mnyamata amene inamkweza kukhala kapitao. Pa sikelo panalibe womposa. Koma m'mwezi umodzi wokha onyamula matumba asanu analeka nchito, pakuti iye anali kukalipira amuna a msinkhu wa atate ace pamaso pa alimi. Bwana anali atalemba kale kalata yomcotsa. Ndinawakumbutsa kuti lamulo la 2019, Employment Code Act, sililola kucotsa munthu cifukwa ca khalidwe kapena kagwiridwe kace ka nchito asanapatsidwe mpata wodziyankhira. Tsono tinamuitana, ndipo ndinamfunsa, "Acimwene, anakuphunzitsani ndani ukapitao?" Iye anati, "Palibe. Anangondipatsa makiyi Lolemba m'mawa."

Apo mpamene ndinakumbukira kwathu. Pakati pa Acewa munthu salowa ufumu asanalangidwe. Akulu amkhazika pansi namuuza kuti asaweruze mlandu asanamve mbali zonse, asamane alendo cakudya, asacititse munthu manyazi pabwalo. Koma ife a m'makampani tingopereka makiyi, ndipo munthuyo akagwa tidabwa. Dziko lathu lomwe linalawa zimenezi: pamene Zambia analandira ufulu mu 1964, omaliza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha, ndipo ambiri anaphunzira utsogoleri atakhala kale pampando.

Ndinakhala naye milungu itatu. Kugawa nchito m'mawa ndi kulemba maola anazigwira msanga. Kudzudzula munthu kumbali, anzace osamva, kunamvuta pang'ono. Cimene cinamlemera koposa ndico kupepesa. Anakana masiku awiri, nati akatero sadzamuopanso. Tsiku lacitatu anakwera njinga kupita kumudzi kwa mkulu wa onyamula matumba aja, nakhala pansi pakhomo pace kufikira anamlandira. Mwa asanu aja anabwerera atatu.

Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukhumba nchito iyi, dziwani kuti muyenera kuiphunzira ndi kulembetsa ku Zambia Institute of Human Resource Management, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997. Dziwaninso kuti wokulipirani ndi bwana, ndipo kawirikawiri colakwa cimene mudzacipeza cidzakhala cace. Ine ndinalemba m'lipoti langa kuti wolakwa woyamba ndi amene anapereka makiyi. Ndalama zanga anandilipira zonse, koma sanandiitanenso. Mnyamata uja ndinamuona caka cotsatira pa msika womwewo, ali kuonetsa kamnyamata kena kawerengedwe ka sikelo.