Kangaude wa miyendo isanu ndi iwiri

Ntchito yanga ndi yoweta ndi kugulitsa akangaude akuluakulu aubweya, aja amati tarantula. Ndimagwira m'sitolo ya ziweto zachilendo kuno ku England. Kuseri kwa sitoloyo kuli chipinda chofunda chodzaza ndi mabokosi agalasi ndi apulasitiki, ndipo m'bokosi lililonse mumakhala kangaude mmodzi yekha, pakuti awiri akakhala pamodzi wina amadya mnzake. Abale kumudzi akamva zimenezi amagwira pakamwa, koma kuno okonda nyamazi ndi ambiri ndithu, mpaka ali ndi bungwe lawo, British Tarantula Society, lomwe limachititsa chionetsero chaka ndi chaka.

Nkhawa yomwe ogula atsopano amabwera nayo kawirikawiri ndi ya mwendo. Munthu waitanitsa kangaude, watsegula phukusi, wapeza mwendo umodzi palibe, mtima n'kuthawa. Choyamba ndimamuuza kuti awerenge bwino. Tarantula ali ndi miyendo isanu ndi itatu, kuphatikizanso timanja tiwiri tatifupi pafupi ndi pakamwa timene amagwirira chakudya. Kenako ndimafunsa kuti mwendowo wadukira pati, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Kangaude amatha kutaya mwendo wake mwadala. Pafupi ndi thupi, pakati pa mfundo yoyamba ndi yachiwiri, pali malo amene analengedwa kuti azithothoka. Mdani akamugwira mwendo, kapena ukakodwa penapake, iye amaukoka mwamphamvu n'kuusiya, ndipo timinofu tapamenepo timatseka chibowocho msanga. Nthawi zina mumamupeza akuyamwa mwendo womwe wataya uja. Mukaona kuti pachitsa pauma, palibe chikudontha, musapakepo kanthu, ndipo musamugwire.

Choopsa ndi mwendo wothyokera pakati. Magazi a tarantula ndi otumbululuka, onkera ku buluu, chifukwa mpweya umanyamulidwa ndi kopa, osati ayironi monga mwa ife, ndipo sachedwa kutha akayamba kutayika. Pamenepo ndimatenga ufa wachimanga wosalala kwambiri uja wokhwimitsira msuzi, n'kuwaza pang'ono pabalapo ndi kaburashi kofewa. Anzanga ena amadonthezapo guluu wouma msanga. Ine ndimayamba ndi ufa, chifukwa guluu akangotsetserekera pa mfundo ina amaimata, ndipo vuto limakula. Nthawi zambiri kangaudeyo amamaliza yekha nkhaniyo: mwendo wovulalawo amauthothola pamalo ake oyenera.

Madzi ndiwo mankhwala enieni. Pa mfundo zikuluzikulu za mwendo, kangaude ali ndi minofu yopindira koma alibe yotambasulira. Amatambasula pokankhira magazi m'miyendomo mwamphamvu, monga momwe mpweya umalimbitsira chubu cha njinga. Choncho amene wataya magazi kapena wauma ndi ludzu amapinda miyendo kunsi kwa thupi, ndipo oweta tonse timadziwa kuti imeneyo ndi mbendera ya imfa. N'chifukwa chake kambale kosazama ka madzi oyera ndimakaika pakhomo pa una wake, kuti asayende mtunda. Thonje kapena siponji musaikemo, zimangosunga litsiro. Ngakhale Grammostola rosea, wa kumadera ouma a ku Chile, amene amadana ndi dothi lonyowa, kambale ka madzi amakafuna.

Kenako ndimayang'ana nyumba yake. Miyendo yambiri imene ndaiona itaduka inathera pa chivindikiro cha waya wa sefa. Kunsonga kwa phazi lililonse kuli tizikhadabo tiwiri tomwe timakola m'wayamo, kangaude n'kulendewera mpaka mwendo kuthothoka kapena iye kugwa. Kugwa n'koipa kuposa kutaya mwendo, pakuti mimba yake ndi yofewa ndipo ikaphulika sapulumuka kawirikawiri. Ndiye ndimachotsa wayayo n'kuika pulasitiki wolimba woboolaboola, ndi kuwonjezera dothi mpaka mpata wa pamwamba usapitirire utali wa kangaudeyo kamodzi ndi theka atatambasula miyendo. Miyala yosongoka ndimachotsa. Ndimasiya khungwa la mtengo loti abisalemo, basi.

Chakudya sindifulumira nacho. Wobwera kumene ndimamusiya sabata yathunthu azolowere, kenako ndimamupatsa kankhululu kapena mphemvu yocheperapo kuposa mimba yake. Ngati akuvutika kugwira, ndimaphwanya mutu wa kachilomboko n'kukaika pafupi. Chosadyedwa chimatuluka tsiku lotsatira. Kukana chakudya sikundidetsa nkhawa ngati mimba ili yonenepa; Grammostola amatha miyezi osadya ali bwinobwino.

Zonsezi timachitira chinthu chimodzi: kuti afike pa tsiku lofundula ali ndi mphamvu. Mwendo watsopano umamera mkati, utapindikapindika kuseri kwa chitsa chija, ndipo umaonekera akavula khungu lakale. Masiku akayandikira amasiya kudya, khungu la pamimba limada, amaluka kamphasa ka ulusi, n'kugona chagada miyendo m'mwamba. Ambiri atsopano amaganiza kuti wafa. Chonde, musamutembenuze, musamuthire madzi, ndipo nkhululu isakhalemo, chifukwa imatha kumudya ali wofewa. Akatuluka, mwendo watsopanowo umakhala woonda, wamfupi ndi wotuwa. Akafundula kawiri kapena katatu umafanana ndi inzake. Kwa tiana zimenezi ndi za miyezi yochepa, koma wamkazi wamkulu amafundula mwina kamodzi pachaka, ndiye kudikira kwake n'kwa zaka. Nthawi ilipo: Brachypelma hamorii wamkazi, wa ku Mexico wa mawondo ofiira uja, amapitirira zaka 20. Akangofundula mano ake amakhala oyera ndi ofewa, choncho wamkulu ndimamudikira mpaka masabata awiri, manowo ade, ndisanamupatse chakudya.

Pa akangaude a ku Africa ndimasamala mwapadera. Pterinochilus murinus, amene amapezekanso ku Zambia, ndi waliwiro ndipo ululu wake ndi wowawa kwambiri. Ngakhale ali ndi miyendo isanu ndi umodzi amakusiyani m'mbuyo. Wotere sindiyandikiza dzanja. Ndimamuvindikira ndi kapu yoonekera mkati ndisanayang'ane bala.

Amene amandimvetsa chisoni ndi wamwamuna wokhwima. Mumamudziwa ndi timanja take totupa kunsonga, ndipo m'mitundu yambiri amakhalanso ndi ngowe pa miyendo yakutsogolo. Iyeyo wafundula komaliza, ndiye mwendo wake subweranso. Wogula ndimamuuza zoona asanatulutse ndalama: kuti kangaudeyu watsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, kuti azingoyendayenda kufuna wamkazi, azidya pang'ono, ndipo azikwerakwera m'makoma. Wotereyu ndimamuika m'bokosi lalifupi kwambiri la dothi lofewa, ndipo ngati pali woweta amene ali ndi wamkazi wa mtundu wake, ndimamutumiza kumeneko, pakuti kusowa kwa mwendo wakumbuyo sikumulepheretsa kubereka.