Wothyola Tiyi ndi Ntchito ya Zisudzo

M'boma la Thyolo, kumene minda ya tiyi yakuta zitunda ndi zigwa, mwana akula akudziwa ntchito zimene munthu angadye nazo. Pali kuthyola tiyi, kudulira mitengo yake, kupalira, kugwira ntchito m'fakitale, ulonda, ukapitawo ndi ukalaliki. Ntchito zimenezi anazigwira makolo kuyambira masiku a thangata, pamene Alhomwe ambiri anachoka ku Mozambique nadzakhala m'minda ya Azungu pamodzi ndi Amang'anja. Minda ina, monga Satemwa imene inayamba mu 1923, yadyetsa agogo, ana ndi adzukulu. Tsono mwana wa pa esiteti akanena kuti iye afuna kukhala wa zisudzo, akulu samumvetsa, pakuti mawu akuti sewero awakumbutsa ana oumba ng'ombe zadothi. Nkhani ino ndi ya mnyamata mmodzi wotere, ndi mafunso amene anakomana nawo pofuna kusandutsa luso lake kuti likhale ntchito.

Amayi ake anali wothyola tiyi, ndipo atate ake anali mlonda wa usiku. Luso lake linayambira pa khonde la nyumba za antchito. Madzulo anthu ataweruka, iye ankatenga ndodo nayamba kuyenda monga kapitawo, kenaka nakhala pansi monga kalaliki wa pa sikelo amene ayang'ana dengu la masamba ndi diso limodzi. Amayi otopa ankaseka mpaka kugwetsa misozi, chifukwa anali kuona tsiku lawo lomwe likubwera kachiwiri, koma lopanda ululu wa msana. Mnyamatayo anaphunziranso kwa ovina tchopa m'mene munthu aimira pabwalo kuti onse amuone, ndi kwa agogo ake m'mene wokamba nthano asinthira mawu pakati pa Kalulu ndi Fisi. Mphunzitsi wake wachitatu anali wailesi. Mbadwo wa makolo ake unakula ukumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC, ndipo iye anazindikira kuti anthu amene amveka m'kabokosimo ali ndi mayina ndi mabanja, ndi kuti wina awalipira.

Funso loyamba linamupeza ku sekondale, ndilo la chinenero. Aphunzitsi ake anamusimbira za mpikisano wa masewero a Chingerezi umene bungwe la ATEM linayambitsa mu 1969, ndi za Du Chisiza Jr., amene anapambana mpikisanowo mu 1982 ali pa sukulu ya HHI ku Blantyre. Chisiza anakaphunzira za zisudzo ku America, ndipo atabwerako mu 1987 anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, loyamba m'Malawi kuyesa kukhalira zisudzo monga ntchito. Mnyamata uja analoweza sewero la Chingerezi nalichita bwino, aphunzitsi namuyamika. Koma pamene amayi ake anabwera kudzaonera, anakhala chete kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pobwerera anangoti, "Unavala bwino, mwanangu." Pamenepo iye anaona kuti Chingerezi chitsegula khomo la sukulu ndi la tauni, koma anthu amene angadzaze bwalo ku Thyolo aseka ndi kulira m'Chichewa. Ngakhale ophunzira a ku Chancellor College, amene anayamba gulu loyendayenda ndi masewero mu 1970, anatembenukira ku Chichewa kuyambira 1981 pofuna kufika kwa anthu a m'midzi. Chotero mnyamatayo anasankha kusunga zinenero zonse ziwiri, koma kuika mtima wake pa cha kwawo.

Atatsiriza sukulu, ndalama zopitira patsogolo panalibe, ndipo analembedwa ntchito yothyola tiyi monga amayi ake. Anasonkhanitsa anzake khumi ndi mmodzi, anyamata ndi atsikana, nayamba gulu. Atsibweni ake, amene pa mwambo wa kumeneko ndiwo ali ndi mawu pa ana a mlongo wawo, anamuitana namukhazika pansi.

"Mphwanga," anatero iwo, "mapanga awiri avumbwitsa. Ngati uli wothyola tiyi, thyola tiyi kuti tsiku lina udzakhale kapitawo. Kodi unaona ndani amene anamanga nyumba ya malata ndi kuseketsa anthu?"

"Ndamva, atsibweni," anayankha mnyamatayo, "koma ndiloleni ndiyese zaka ziwiri. Ntchito sindisiya."

Atsibweniwo sanali munthu wouma mtima. Anali kuwerenga zimene maso awo anaona, ndipo zambiri zimene ananena zinapezeka zoona.

Choyamba chimene gululo linaphunzira ndi chakuti tiyi ali ndi nyengo zake, ndipo nyengozo sizigwirizana ndi zisudzo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, mvula ikugwa, mitengo iphuka msanga ndipo esiteti ilemba anthu ambiri. Wothyola alawira m'mamawa, nathyola masamba awiri ndi kansonga kake tsiku lonse, pakuti malipiro ake akula monga mwa kulemera kwa dengu. Nthawi imeneyo ndiyo anthu ali ndi kangachepe m'thumba, koma ochita sewero afika madzulo ali onyowa ndi otopa, osatha kuloweza mawu, ndipo bwalo la panja lili matope okhaokha. Ndiponso ndiyo miyezi imene chimanga chikwera mtengo, kotero kuti ndalama ithamangira ku ufa isanaganize za chisangalalo. M'chilimwe, masamba akachepa, antchito ambiri a nyengo aimitsidwa. Pamenepo nthawi yokonzekera ilipo yambiri, kunja kuli kouma, koma oonera alibe cholipira pakhomo. Mnyamatayo anapeza njira yake mwa kuyesa: kukonza masewero m'chilimwe, kuwasunga m'mutu, ndi kuwaonetsa Loweruka kapena Lamulungu lotsatana ndi tsiku la malipiro.

Chachiwiri ndi masamu a pakhomo. Munthu woonera aona ndalama zikulowa m'mbale naganiza kuti a zisudzo alemera. Iye saona kuti mwini holo ya sukulu kapena ya tchalitchi atenga gawo lake poyamba, ndi kuti pali mtengo wa minibasi yopita ku Luchenza kapena ku Bvumbwe ndi kubwerako, wa mapepala olengezera, wa kubwereka zokuzira mawu ndi wa chakudya cha anthu khumi ndi awiri. Zotsala zigawidwa pakati pa onse, ndipo masiku ena aliyense analandira zongokwanira sopo. Tsiku lina kunagwa maliro pamudzi wapafupi, holo inakhala yopanda anthu, ndipo anabwerera pansi usiku atasenza zovala zawo pamutu. Kunalinso opikisana nawo amene satopa ndipo sadya: tinyumba toonetsa mafilimu pa msika uliwonse, ndi mafoni a m'manja amene mnyamata aonera nthabwala ali gone pa mphasa. Zimenezi zinaphunzitsa gululo kusunga buku la ndalama, kusankha msungichuma amene si mtsogoleri, ndi kuwerenga ndalama pamaso pa onse anthu asanabalalike, pakuti magulu ambiri a zisudzo aphedwa ndi kukayikirana koposa ndi umphawi.

Chachitatu ndi nkhani ya atsikana. Makolo analola ana awo aamuna kuyenda usiku, koma mtsikana wokwera pa nsanja nachita mbali ya mkazi wa munthu wina anayamba kunenedwa pa chitsime. Awiri anachoka m'gululo chaka chisanathe, wina atakwatiwa, wina ataletsedwa ndi amayi ake. Mnyamatayo anayenda khomo ndi khomo kupempha makolo, nalonjeza kuti kukonzekera kudzatha dzuwa lisanalowe ndi kuti mayi wina wamkulu adzatsagana nawo pa ulendo uliwonse. Anawasimbiranso za Gertrude Kamkwatira, amene anatsogolera Wakhumbata Chisiza atamwalira mu 1999, nayambitsa pambuyo pake gulu lake la Wanna-Do, ndipo analemba ndi kuchita masewero mpaka imfa yake mu 2006. Makolo ena anamva, ena anakana ndithu.

Ndalama zooneka zinabwera pamene bungwe lina la zaumoyo linawalemba kuti achite masewero ophunzitsa za Edzi m'midzi yozungulira minda. Kwa miyezi ingapo analandira malipiro odziwika, nakwera galimoto. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Uthenga unali wa eni ndalama, mathero a sewero lililonse anali odziwika lisanayambe, ndipo anthu a gululo anazolowera kusakwera pa nsanja popanda alawansi. Ntchito ya bungwelo itatha, anayi sanabwerenso. Mnyamatayo sananyoze ntchito yotere, chifukwa inaphunzitsa anthu ndi kugula zovala za gulu, koma anatsimikiza kuti chaka chilichonse adzakonza sewero limodzi lakelake, lonena za moyo wa pa sikelo ndi pa khonde, limene palibe munthu analiitanitsa. Pochita zimenezi anayenera kusamala, pakuti kapitawo amene asekedwa Loweruka ndiye alemba mayina Lolemba. Akulu a zisudzo a m'masiku a Kamuzu Banda, amene masewero awo anayenera kuwerengedwa ndi Censorship Board monga mwa lamulo la 1968, anadziwa kubisa mawu m'fanizo, ndipo wa pa esiteti aphunzira luso lomwelo pa chifukwa chake.

Zaka ziwiri zija zitatha, anapita ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 40, nakhala kwa msuweni wake ku Bangwe. Anakaona bwalo limene kale linali French Cultural Centre, kumene Wakhumbata ndi Kwathu Drama Group ankadzaza anthu, ndipo limene Afalansa analisiya mu 2011. Anayenda m'malo oyesa ofuna mbali m'mafilimu, naima pa mzere ndi anthu ambiri ovala bwino koposa iye. Kamodzi anapatsidwa mbali ya mlonda, ya mawu atatu, nagwira masiku awiri. Mwini filimuyo anamulonjeza malipiro filimu ikagulitsidwa, ndipo mpaka lero sanawaone. Kuyambira pamenepo anaphunzira kufunsa za malipiro asanavale chovala, ndi kupempha kuti pangano lilembedwe pa pepala, ngakhale wopemphedwayo akwinye nkhope.

Koma chachikulu chimene anachipeza m'tauni chinali china. Anafufuza za anthu amene mayina awo anawamva pa wailesi, napeza kuti ambiri a iwo anali ndi phanga lachiwiri. Michael Usi, amene dziko lonse limudziwa monga Manganya wa mu Tikuferanji, anagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe la ADRA, ndipo pambuyo pake analowa ndale nakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira 2024 mpaka 2025. Shemu Joyah, amene anakonza The Last Fishing Boat mu 2012, ntchito yake ndi yoyeza malo. Chisiza mwini, amene anayesa koposa onse kukhalira nsanja yokha, analowa m'boma monga nduna mu 1993. John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, amene anamwalira mu 2016 ndi mu 2021, anamanga dzina lawo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, akuyenda boma ndi boma. Mwayi waukulu ubwera, inde, monga pamene Chiwetel Ejiofor anajambula The Boy Who Harnessed the Wind ku Kasungu, filimu imene inatuluka mu 2019 ndipo Lily Banda anachitamo mbali. Koma mwayi wotere ubwera kamodzi pa zaka zambiri, ndipo upeza okhawo amene sanasiye kukonzekera.

Anabwerera ku Thyolo ndalama zitamuthera. Popeza anali ndi setifiketi ya Fomu 4 ndi dzanja labwino, patapita nthawi anapatsidwa ukalaliki wa pa sikelo, mpando womwewo umene ankauseka ali mwana. Atsibweni ake anakondwa, naganiza kuti nkhani ya masewero yatha. Koma chilimwe chitafika gulu linasonkhananso, anthu asanu ndi awiri tsopano, ndipo linayamba kujambula timasewero tatifupi pa foni ndi kutitumiza pa WhatsApp ndi Facebook. Ndalama za timeneti n'zochepa, koma dzina liyenda kufika kwa ana a ku Thyolo amene ali ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, ndipo aphunzitsi a sukulu zapafupi ayamba kumuitana kuti akonzekeretse ana awo.

Inu achinyamata amene mtima wanu uli pa nsanja, mwambi wa atsibweni aja uli ndi nzeru, koma unena za munthu wothamanga uku ndi uku osadziwa kumene agone. Munthu amene adziwa ntchito imene imudyetsa ndi ntchito imene anabadwira, napatsa iliyonse nyengo yake, savumbwa. Phunzirani kulemba sewero lanu, pakuti wodikira kuitanidwa akhoza kudikira mpaka imvi. Sungani buku la ndalama, lemekezani makolo a anzanu a m'gulu, ndipo musanyoze bwalo la kwanu chifukwa chosirira la ku tauni. Ndipo inu makolo, mwana akakupemphani zaka ziwiri, mufunseni kumene adzapeza nsima m'zaka zimenezo. Akayankha bwino, mulekeni ayese.

Mnyamata uja tsopano ndi bambo wa ana awiri. Nyumba yake ya malata anaimanga ndi ndalama za pa sikelo, monga ananenera atsibweni ake. Koma pa Loweruka la malipiro, pamene holo yadzaza ndi anthu onunkhira masamba a tiyi, atsibweniwo akhala pa mpando wa kutsogolo, ndipo salola kulowa ulere.