Chimene Makobidi a Aroma Atiphunzitsa

Ife amene timasonkhanitsa makobidi akale a mkuwa a ufumu wa Roma timafunsidwa kawirikawiri kuti tipindulanji ndi tizitsulo tosagula kanthu. Ambiri ndi aang'ono ngati batani la malaya, ndipo amatipeza atamatidwa ndi dothi la zaka zoposa 1,600. Timawaviika m'madzi masabata angapo ndi kuwatsuka modekha ndi mswachi wofewa, pakuti mankhwala aukali amadya nkhope ndi zilembo zomwe.

Khobidi likayera, pamenepo tiyamba kuliwerenga. Kumaso kuli mutu wa mfumu ndi dzina lake m'Chilatini. Kuseri, cha m'munsi, kuli zilembo zotchula mzinda kumene linasulidwa: TR ndiye Trier, SIS ndiye Siscia, ALE ndiye Alexandria. Tikaphatikiza izi ndi chithunzi cha kuseriko, tikhoza kudziwa zaka zake.

Pakuwerenga kotere tapeza chinthu chotiganizitsa ife Akhristu. Diocletian anayamba kuzunza Mpingo m'chaka cha 303, ndipo mu 313 Constantine anapatsa Akhristu ufulu wa kupembedza. Komabe kwa zaka zingapo pambuyo pake makobidi a Constantine anatulukabe ndi chithunzi cha Sol, mulungu wa dzuwa. Chizindikiro cha Khristu, ndicho zilembo ziwiri zoyamba za dzina lake m'Chihelene, chinali kuoneka mwa apo ndi apo, chaching'ono, monga pa mbendera ya asilikali. Amene anachisula chachikulu pakati pa khobidi, Alefa uku Omega uku, ndiye Magnentius, cha m'ma 353. Munthuyu analanda ufumu mu 350, anthu ake napha mfumu Constans, ndipo analolanso nsembe za usiku za kwa milungu yakale. Dzina la Ambuye analikuza pamene nkhondo inamuthina.

Chifukwa chake taphunzira kusaweruza khobidi ndi chizindikiro chimodzi. Timalitembenuza, kuliyeza ndi kufunsa mbiri ya mwini nkhopeyo. Inu makolo, ana athu nawonso amatiwerenga chomwecho. Amaona yunifomu ya mpingo ndi Baibulo m'manja pa Sabata, koma amatitembenuzanso Lolemba, kumunda, kumsika ndi m'nyumba. Inunso achinyamata, musafulumire kutsata munthu chifukwa chakuti watchula dzina la Yesu mokweza. Yambani mwaona chimene chalembedwa kuseri kwake.