Chipepeso chikatha, wamasiye amatsamira pati?

Kuno kwa Njombwa maliro timawasamala bwino. Adzukulu amalawirira kumanda, amayi a m'mphakati amatunga madzi ndi kutola nkhuni, chipepeso chimalengezedwa dzina ndi dzina. Koma ndalama zimenezi zimathera pa bokosi ndi ufa wa olira. Anthu akabalalika, wamasiye amayamba kufunsa chimene ine ndafunsidwa kambirimbiri pa ntchito yanga: kodi boma lili ndi thandizo lanji kwa munthu amene wataya mwamuna kapena mkazi wake?

Yankho lake ndi lowawa. M'Malawi muno mulibe ndalama imene boma limapereka kwa munthu chifukwa chongoti waferedwa. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, amasankha mabanja osaukitsitsa amenenso alibe anthu okwanira otha kugwira ntchito. Mayi wamasiye amene akadali ndi mphamvu zogwira khasu angathe kutsala pa mndandandawo, ngakhale nkhokwe yake ili mbee.

Amene anali pa ntchito yolembedwa ali ndi poyambira. Kuchokera m'chaka cha 2011, lamulo la penshoni limakakamiza olemba ntchito kusonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndiponso kumugulira wantchitoyo inshulansi ya moyo. Komatu ndalamazi zimatsata mayina amene malemu analemba pa fomu ali moyo. Mnyamata amene analemba amayi ake asanakwatire, osakakonzanso fomuyo atamanga banja, amasiyira mkazi wake ulendo wautali wa m'maofesi.

Ambirife sitili pa ntchito yotere. Chuma chathu chili m'chigafa. Taganizirani bambo amene wamwalira mu Epulo, mabelo atadinda kale. Mkazi wake anathirira nawo nazale, anasoka nawo fodya mpaka manja kuda ndi phula, koma chiphaso cholimira ndi buku la kubanki zili m'dzina la bambo yekha. Mabelo akagulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimagwera m'buku limene mayiyo sangatapemo popanda chiphaso cha imfa chochokera ku NRB ndi kalata yomulola kuyendetsa chuma chamasiye. Pamene iye akuyendera zimenezi kwa bwanamkubwa ku Kasungu, alamu ake amakhala atayamba kale kuwerenga malata ndi ng'ombe. Akakhala wa chitengwa zimafika poipa, chifukwa akamusudzula amayembekezeka kubwerera kwao chimanjamanja.

Apatu lamulo silinagone. Lamulo la chuma chamasiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa la 1967, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana, pamodzi ndi ena amene ankadalira malemu. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiye, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu woti munthu nkumangidwa nawo. Chondidandaulitsa nchakuti olandawo kawirikawiri ndi anthu omwe aja amatsogolera nyimbo usiku wa maliro.

Akuluakulu ena amati kulemba wilo nkudziitanira imfa. Ine sindivomereza, pakuti amene sanalembe nawonso timawaika ndithu. Wilo safuna loya kapena Chingerezi: munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo amalemba zofuna zake, nasayina pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirako kanthu. Inu amene munapita kusukulu mungathe kuwagwirira cholembera makolo anu, ndi kuwaperekeza kubanki kuti buku la fodya likhale ndi mayina awiri nyengo yogulitsa isanafike.