Sikirini Yobiriwira ndi Zala za ba Mudala

Ku komboni ukakamba kuti ndiwe programmer, anthu amaganiza za ma app a pa foni. Ine nchito yanga ndi ina. Ndimalemba mapulogalamu a RPG pa IBM i, mdzukulu wa AS/400 imene IBM inatulutsa mu 1988. Makina amenewa alibe congo, koma pa kampani pathu ndiwo amawerengera malipiro ndi katundu yense.

Mu ofesi tinagawikana pawiri. Akuluakulu ali pa SEU, pa sikirini ya 5250: zilembo zobiriwira pa mdima, mizere 24, mzere uliwonse zilembo 80. Mausi sagwira. F4 ikuonetsa zofunika kulemba, F3 watuluka. Ife acinyamata tili pa RDi kapena VS Code, kumene code imaoneka m'mitundu, ndipo mafaelo angapo umawatsegula nthawi imodzi.

Ba mudala amene anandiphunzitsa nchito amaseka akaona ndikusakasaka menyu. "Mwana wanga, dzanja likapita ku mausi, maganizo athawa." Ali ndi mfundo. Zala zao zimadziwa njira ngati kondakita wa minibasi adziwira masiteshoni. Komanso ukamagwira nchito uli kunyumba, netiweki ikugwagwa, sikirini yobiriwira imayendabe cifukwa imatumiza zilembo cabe.

Nanenso mfundo ndili nayo. Kucokera pa version 6.1 ya mu 2008, IBM inaleka kuphunzitsa SEU zinthu zatsopano. RPG ya free-form imene inakulitsidwa mu 2013, SEU imaiona ngati zolakwa, ngakhale code ili bwinobwino. Wokakamira pamenepo amalemba monga kale, ndipo wacinyamata akaiona code yotere amathawa.

Koma cimene cimandisowetsa tulo si funso lakuti wapambana ndani. Ba mudala atsala pang'ono kupuma nchito. Cifukwa cake pulogalamu ya malipiro imalumpha mzere wakutiwakuti kumapeto kwa mwezi sicinalembedwe paliponse, cili m'mutu mwao. VS Code singandiuze zimenezo.

Ndiye manje ndimakoka mpando, kukhala pafupi nao, iwo pa sikirini yao, ine pa yanga. Akafotokoza, ndimalemba m'makomenti a code. Iwe amene ukuphunzira Python pa laputopu yobwereka, ukadzapeza sikirini yakuda pa nchito usaiseke. Funsa amene akuidziwa akadalipo.