Katemera wa Mano Amene Sanafikebe

Ife amene tikulera ana kuno ku Britain timakadziwa kabuku kofiira kamene mwana aliyense amalandira akabadwa. Chikuku, kafumbata, chifuwa chokoka mtima, poliyo: nthenda iliyonse ili ndi katemera wake ndi tsiku lake. Koma nthenda imene imagoneka m'chipatala ana ambiri a zaka 5 mpaka 9 ku England kuposa ina iliyonse mulibe m'kabukuko. Nthendayo ndi kuwola kwa mano, ndipo anawo amagonekedwa kuti akazulidwe mano atawakomola ndi mankhwala.

Kumudzi tinkamva kuti m'dzino mwalowa nyongolotsi. Akuluakulu aja sanaphonye kwenikweni, pakuti kachilombo kalipodi, kungoti n'kosaoneka ndi maso. Mu 1924 wasayansi wina ku London, J. K. Clarke, anakapeza m'mano obooka n'kukatcha Streptococcus mutans. Kamadya shuga wotsalira m'kamwa, n'kupanga zomata zimene kamakanirira nazo pa dzino, kenaka n'kutulutsa asidi amene amasungunula chikamba cholimba cha dzinolo pang'onopang'ono. Mwana sabadwa nako. Kawirikawiri amakatenga m'malovu a omulera, makamaka m'chaka chake chachiwiri ndi chachitatu: pa supuni imene talawira phala, pa chakudya chimene tamutafunira. Zimenezi timazichita chifukwa cha chikondi, monga anatichitira amayi athu, ndipo sitiganiza kuti pali kholo loyenera kuchita nazo manyazi.

Popeza mdani anadziwika, nzeru ya katemera sinachedwe kubwera. Mu 1969 William Bowen anabaya apusi katemera woyesera, ndipo mano awo sanawole ngati a anzawo osabayidwa. M'zaka za m'ma 1970 Thomas Lehner wa ku Guy's Hospital anapitiriza ntchitoyi, nayenso pa apusi. Papita zaka zoposa 50, koma palibe dziko ngakhale limodzi limene lavomereza katemera wotere pa anthu.

Zifukwa zake zilipo, ndipo zina n'zomveka. Akatswiri ena atabaya akalulu kachilombo kathunthu anaona zizindikiro zoti chitetezo cha m'thupi chingathe kulimbananso ndi minofu ya mtima. Nkhawa imeneyi inatsutsidwa pambuyo pake, koma ndani angaike mtima wa mwana pachiswe pofuna kupulumutsa dzino? Nthenda yosapha imafuna katemera wopanda chikayiko n'chimodzi chomwe. Komanso zadziwika kuti Streptococcus mutans sali yekha. Tizilombo tina ta m'kamwa timapanganso asidi, moti kugonjetsa kamodzi sikutseka khomo.

Nkhani imene imatigwira mtima ife ana a alimi ndi ya 1998. Pa Guy's Hospital pomwepo, Julian Ma ndi anzake anasintha chibadwa cha fodya kuti masamba ake azipanga asilikali a chitetezo olimbana ndi kachilomboka. Uyu sanali katemera wobaya wophunzitsa thupi kudziteteza, koma chitetezo chopangidwa kale chopaka pa mano. Anthu odzipereka anayamba ayeretsedwa m'kamwa ndi mankhwala, kenaka n'kupakidwa kangapo, ndipo kwa miyezi inayi kachilomboko sikanabwerere. Taganizani: fodya yemwe uja amene ambiri a ife anatilipirira sukulu, amene makolo athu ankasoka m'zigafa ku Kasungu ndi ku Mchinji, ndiponso amene amadetsa mano a osuta, akanakhala mankhwala a mano! Koma kuyesa kwina kumene kunachitika ku America sikunapereke zotsatira zofanana, ndipo mankhwalawo sanafike m'masitolo.

Chifukwa chotsala ndi chimene sitigwirizana nacho. Kuyambira m'ma 1970, fluoride wa m'mankhwala otsukira mano anachepetsa kwambiri kuwola kwa mano m'mayiko olemera, ndipo chidwi chothira ndalama pa katemera chinazilala. Okhoza kugula anali atapeza njira ina. Komatu lipoti la World Health Organization la 2022 linati anthu pafupifupi 2.5 biliyoni ali ndi mano owola osalandira chithandizo, ndipo ambiri mwa odwala m'kamwa ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Katemera amathandiza kwambiri kumene madokotala ndi ochepa, chifukwa mlangizi wa zaumoyo amatha kuyenda naye pa njinga mpaka ku sikelo ya kumudzi, pamene mpando wa dokotala wa mano suyenda. Kwathu ku Malawi, kumene kwa ambiri mankhwala a dzino lopweteka ndi kulizula basi, maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019, ku College of Medicine. Zakumwa zotsekemera ndi maswiti zinali zitafika kale m'magolosale a m'midzi yonse, ndipo zina timapita nazo ndife m'masutikesi pa tchuthi cha Disembala.